Chicago ikagwa, mlandu ndi wa ndani?

Pa Chicago build 58s palibe batani la Start. Pansi pa sikirini pali mzere wotuwa wokhala ndi timabatani titatu kumanzere: kena ka zinthu za sisitimu, kena kofufuzira mafayilo, kena ka chithandizo. Mukatsegula zenera n'kufuna kulitseka, dzanja limathamangira lokha kukona yakumanja yakumtunda, koma X kulibe. Mumabwerera kumanzere, pa kabokosi kaja ka Windows 3.1, n'kudina kawiri. Pulogalamu yoonera mafayilo sinatchedwe Explorer panthawiyi, dzina lake ndi Cabinet. Ndipo kumbuyo kwa zonsezi kuli chithunzi chobwerezabwereza chokuchenjezani kuti ntchito yomanga ikadali mkati, ngati kuti simunazione kale nokha.

Kwa inu amene nkhanizi simunazitsatire, Chicago linali dzina la kuntchito la sisitimu imene Microsoft inadzaitulutsa pa 24 Ogasiti 1995 ikutchedwa Windows 95. Pulogalamu yaikulu chotere siimangidwa tsiku limodzi. Opanga amasonkhanitsa zimene alemba pafupipafupi n'kutulutsa mtundu woyeserera, uliwonse ndi nambala yake, ndipo mitundu imeneyi ndi imene timaitcha ma build. Ambiri sanatuluke pachipata cha kampani. Ochepa anapita kwa oyesa ndi kwa makampani olemba mapulogalamu, ndipo ena mwa ochepawo ndi amene anapulumuka mpaka lero. 58s ndi ya mu Ogasiti 1993. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera ma build a nambala 73. Pofika pa 122, ya mu Juni 1994, timabatani titatu tija tinali titasanduka batani limodzi la Start. Dzina la Windows 95 linalengezedwa mu Sepitembala 1994, ndipo mumaliona pa build 189. Mu 1995 anthu a ku America ankatha kugula mtundu woyeserera pa madisiki ang'onoang'ono, umene unakonzedwa kuti udzasiye kugwira ntchito mu Novembala chaka chomwecho. Yotsiriza, imene inalowa m'mabokosi ogulitsa, inali build 950.

Mbiri imeneyi mungaipeze kwina kulikonse. Chimene chimandidyera ine nthawi ndi china.

Windows 95 yomalizidwa ikachita zachilendo mu emulator, pulogalamu yoyerekezera kompyuta yakale mkati mwa kompyuta ya lero, mboni zilipo zambirimbiri. Anthu osawerengeka anaigwiritsa ntchito kwa zaka, makina enieni a nthawi imeneyo akadalipo, zolembedwa za mavuto ake ndi mulu. Mukhoza kufunsa n'kumva kuti ayi, pa kompyuta yeniyeni sizinkatero, vuto ndi emulator yanuyo. Koma 58s inaonedwa ndi anthu ochepa, kwa miyezi yochepa, kenako inalowedwa m'malo ndi ina n'kuiwalika. Ndiye ikaima njii, mausi osasuntha, kiyibodi osayankha, mufunsa ndani? Oganiziridwa amakhala atatu. Mwina build yomweyo inali yopunduka kuyambira tsiku limene inatuluka. Mwina kope limene muli nalo linaonongeka panjira m'zaka zoposa 30 zapitazi. Mwinanso makina oyerekezera amene mwaiikapo akuinamiza. Ndipo pa sikirini, zonse zitatuzi zimaoneka chimodzimodzi.

Ine ndimayamba ndi makina, chifukwa ndi okhawo amene ali m'manja mwanga.

Pali mitundu iwiri ya mapulogalamu imene anthu amaisokoneza. Mtundu wina, monga VirtualBox ndi VMware, umabwereketsa purosesa yanu yeniyeni kwa sisitimu imene mukuyesayo. Malangizo amathamanga pa liwiro la kompyuta ya lero, ndipo zipangizo zozungulira, monga khadi la zithunzi, zimakhala zongokwanira kuti zinthu ziyende. Pa sisitimu za masiku ano zimenezi ndi zabwino kwambiri. Mtundu winawo, monga PCem imene anayambitsa Sarah Walker ndi 86Box imene inachokera pa PCem yomweyo, umayerekezera kompyuta yonse chidutswa ndi chidutswa. Mumasankha motherboard inayake yodziwika, ndipo imayaka ndi BIOS yeniyeni, pulogalamu yoyamba kuyenda kompyuta ikayatsidwa, imene inakoperedwa kuchokera pa bolodi ngati imeneyo. Mumasankha purosesa ndi liwiro lake, khadi la zithunzi, khadi la mawu, mpaka mtundu wa mausi. Mukayatsa mumaona memori ikuwerengedwa pang'onopang'ono pakona ya sikirini, kenako kakulira kamodzi ka sipika.

Kusiyana kumeneku si nkhani ya kukonda zakale ayi. Ngakhale Windows 95 yomalizidwa inkagwa pa mapurosesa othamanga kwambiri. AMD itatulutsa K6-2 ya 350 MHz, makompyuta ena anayamba kukana kuyaka, akumalemba uthenga wa protection error. Chifukwa chake chinali chakuti ma driver ena, mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta, ankayeza liwiro la makina pozungulira kachigawo kena ka malangizo kangapo, n'kuona nthawi imene yadutsa, n'kugawa ndi nthawi imeneyo. Purosesa ikathamanga mopitirira muyeso, nthawi yodutsayo inkawerengedwa kuti ndi ziro, ndipo kugawa ndi ziro n'kosatheka. Microsoft inachita kutulutsa chigamba chokonzera vutoli. Tsono ngati zimenezi zinkachitikira sisitimu imene inayesedwa ndi khamu la anthu, nanga build ya mu 1993, imene olemba ake ankagwira ntchito pa mapurosesa a 386 ndi 486, Pentium itangotuluka kumene mu Malichi chaka chomwecho? Mukaiika pa purosesa ya ma GHz angapo n'kugwa, simunaphunzire chilichonse chokhudza Chicago.

Makina anga a 58s ndi a 73 ndi awa: 486DX2 ya 66 MHz, memori ya 8 MB, khadi la zithunzi la Tseng ET4000, mausi ya pa serial, ndi disiki ya IDE yosapitirira 504 MB. Malire a 504 MB amenewo si ongopeka. BIOS ya nthawi imeneyo ndi IDE zinkawerengera malo a pa disiki mosiyana, ndipo zikakumana zinkagwirizana pa ma cylinder 1024, ma head 16 ndi ma sector 63 basi, sector iliyonse ya ma byte 512. Mukachulukitsa mupeza 504 MB. Disiki yoposa pamenepo pa BIOS yakale imangoonekera mbali yake chabe, kapena imaoneka yonse koma n'kumalemba pamalo olakwika, zimene ndi zoopsa kwambiri chifukwa zimaonekera mochedwa. ET4000 ndimaikonda chifukwa inatuluka mu 1989 ndipo pofika 1993 inali itafala kale, moti aliyense wolemba driver ankaidziwa. Khadi ngati S3 Trio64 ndi labwino, koma ndi la mu 1994, ndiye kwa 58s ndi mlendo wochokera kutsogolo. Khadi la mawu ndi la netiweki sindimaika poyamba. Zimenezo zimabwera pambuyo, chimodzichimodzi.

Pali kanthu kena kamene kamagwetsa anthu ambiri: wotchi. Ma build ena oyeserera ali ndi tsiku lothera, ndipo akaona kuti tsikulo ladutsa amadandaula kapena kukana kumene. Mumalowa mu BIOS n'kubweza tsiku ku chaka cha build yanuyo. Koma 86Box ili ndi pamene imagwirizanitsa wotchi ya makina oyerekezera ndi wotchi ya kompyuta yanu, ndipo mukapanda kuzimitsa pamenepo, tsiku limene mwaika limafufutika mukangoyatsanso. Ine ndimabweza tsiku ngakhale pa ma build amene alibe malire otere, chifukwa ndimafuna kuti fayilo iliyonse imene sisitimu yalemba ikhale ndi deti logwirizana ndi anzake.

Kuika kwenikweniko kumayamba ndi DOS, sisitimu yakale yoyendetsedwa ndi malamulo olemba pa kiyibodi. Mumayatsa ndi disiki ya MS-DOS 6, mumagawa disiki ndi FDISK, mumaikonza ndi FORMAT C: /S, kenako mumalemba CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT zazifupi, HIMEM.SYS, driver ya CD ndi MSCDEX, osaonjezera zina. Ndimakopera mafayilo onse oikira pa disiki yaikulu ndisanayambe, kuti ngati sisitimu yatsopanoyo italephera kuona CD pakati pa ntchito, isasowe pogwira. Pamenepa ndimazimitsa makina n'kukopera fayilo yonse ya disikiyo pambali. Ndimachitanso chimodzimodzi kuika kukangotha, ndiponso nthawi iliyonse ndisanasinthe chipangizo. Mafayilo amenewa amadya malo, koma amandipatsa pobwerera. Ma build oyambirirawa amafunsanso nambala ya woyesa ndi mawu achinsinsi asanapitirire, chizindikiro chakuti sanapangidwire aliyense.

Tsiku lina build ya nambala 73 inandiimira pakati. Kuika kunatha bwinobwino, makina anayakanso, chizindikiro cha Chicago chinaoneka, sikirini inada, kenako zii. Kanyali ka disiki kanaphethira kangapo n'kusiya. Munthu wothamanga akanangolemba kuti build imeneyi ndi yosadalirika, n'kupita kwina. Ndinabwerera pa kope loyera n'kuchotsa ET4000, n'kuika VGA wamba ya mitundu 16. Zii yemweyo. Ndinabweza ET4000 n'kutsitsa purosesa kukhala 386. Zii. Ndinasintha motherboard. Ndinatenga disiki yomweyo n'kuiyatsa mu emulator ina yolembedwa ndi anthu ena, ndipo inaima pamalo omwewo, panthawi yomweyo. Apa m'pamene ndinayamba kukhululukira makina. Ma emulator awiri osiyana akhoza kulakwitsa onse, inde, koma kuti alakwitse mofanana ndendende pa mabolodi osiyana, n'zokayikitsa.

Lamulo langa pa ntchito imeneyi ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi, yatsani, lembani zimene zachitika. Mukasintha khadi la zithunzi ndi memori nthawi imodzi n'kuyaka, simudziwa chimene chachiritsa. N'zotopetsa, makamaka pa 486 imene imatenga nthawi yake, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makina atachoka pa mlandu, ndinatembenukira kwa woganiziridwa wachiwiri. Ndinapeza kope lina la build yomweyo lochokera kwa munthu wina, n'kuwerengera SHA-1 ya fayilo iliyonse m'makope onse awiri. SHA-1 ndi nambala yaitali imene imawerengedwa kuchokera pa zonse zili m'fayilo, moti byte imodzi ikasintha, nambala yonse imasintha. Mafayilo onse anafanana kupatula imodzi. M'kope langa loyamba fayiloyo inali ndi kukula koyenera, dzina loyenera, deti loyenera, koma nditaitsegula mu pulogalamu yoonera ma byte, chigawo chake chakumapeto chinali maziro okhaokha, mzere ndi mzere. Winawake zaka zapitazo anakopera disiki imene inali itayamba kufa, pulogalamu yake inadzaza ziro pamene sinathe kuwerenga, ndipo iye sanadziwe kapena sananene. Kope lachiwiri linayaka pa makina anga oyamba aja, a ET4000 ndi 486, osasintha kanthu.

Izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Madisiki a maginito amafooka, amamera nkhungu, ndipo ma CD ojambulidwa kunyumba amayamba kusawerengeka. Makope ambiri a ma build akale anadutsa m'manja ambiri asanafike pa intaneti: wina anapanikiza ndi pulogalamu ina, wina anamasula n'kupanikizanso, wina anachotsa zimene ankaona ngati zosafunika kuti fayilo ichepe. Osunga zakale a masiku ano amagwiritsa ntchito tizipangizo ngati KryoFlux ndi Greaseweazle, timene timajambula kusintha kwa maginito kwenikweniko pa disiki m'malo mongokopera mafayilo, kotero kuti ngakhale malo oonongeka amaoneka kuti ndi oonongeka. Koma zimenezo zimatheka ngati disiki yoyambirira ikadalipo. Kwa ma build ena chimene chatsala ndi kope la kope la kope.

Ndiye palinso onama. Pali anthu amene amatenga build yodziwika, n'kusintha nambala m'mafayilo angapo, n'kusintha chithunzi choyakira, n'kulengeza kuti apeza build yosowa. Chimene amafuna ndi kutchuka kwa sabata imodzi basi. Amagwidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono, ndipo kamodzi mwa timeneto ndi madeti. Microsoft inali ndi chizolowezi choika nthawi imodzi pa mafayilo onse a chinthu chomalizidwa, ndipo nthawiyo inkafanana ndi nambala ya mtundu wake. Mafayilo a Windows 3.1 ali ndi nthawi ya 3:10. A MS-DOS 6.22 ali ndi 6:22. A Windows 95 yoyamba ali ndi deti la 11 Julayi 1995 ndi nthawi ya 9:50, kuchokera pa build 950 ija. Ndiye mukapeza fayilo ya 9:50 itabisala m'kati mwa chinthu chimene akuti ndi cha mu 1994, mwadziwa kuti wina anazika chigamba. Nthawi zina si chinyengo, ndi munthu wa mtima wabwino amene anasowa fayilo imodzi n'kubwereka kwina kuti zinthu ziyake. Koma zotsatira zake n'zofanana: chimene mukuyang'anacho si chimene opanga anasonkhanitsa tsiku limenelo.

Makina akakhala oyenera, kope likakhala loyera, chimene chatsala ndi build yeniyeniyo, ndipo apa m'pamene pali phindu la ntchito yonseyi. Zolakwika zimene zatsalazo ndi zoona. Mumadina chinthu m'menyu ndipo palibe chimachitika, chifukwa wina anajambula kale malo ake koma kumbuyo sanalembe kanthu. Mumatsegula zenera lina n'kupeza maonekedwe atsopano, lotsatira n'kupeza Windows 3.1 yosasinthidwa ngakhale pang'ono. Zili ngati kulowa m'nyumba imene chipinda china chapakidwa kale penti pamene china njerwa zikuonekera, ndipo mukhoza kudziwa kumene amisiri anayambira.

Mzere wotuwa wa pansi uja ndi chitsanzo chimene ndimachikonda. Mu 58s suli ndi ntchito imene timaidziwa, yosonyeza mapulogalamu onse otseguka. Raymond Chen, amene anagwira nawo ntchito pa Windows 95, anafotokozapo kuti poyamba mzerewu unali ngati foda yomatidwa m'mphepete mwa sikirini, moponyamo zinthu zimene munthu akufuna zikhale pafupi. Ndiye mukatsitsa pulogalamu, siikhala batani pa mzerewo, imakakhala pa desktop ngati kale. Mukatsegula mawindo angapo, otsitsidwa aja amakwiririka pansi pa anzawo, ndipo mumayamba kusakasaka. Mukakhala nayo kwa ola limodzi mukugwiradi ntchito, kulemba kanthu mu Notepad, kukopera mafayilo, kubwerera, mumamva m'manja mwanu vuto limene oyesa a Microsoft ankaona pa anthu amene ankawaitana kudzayesa: munthu watsegula pulogalamu, yabisika, akuganiza kuti yatsekeka, akutsegulanso ina. Taskbar imene tinazolowera ndi yankho la vuto limenelo. Timabatani titatu tija tinachokanso pa chifukwa chofanana. Anthu atsopano ankakhala patsogolo pa sikirini osadziwa poyambira, mpaka pamene zonse zinaikidwa pansi pa batani limodzi lolembedwa mawu. Daniel Oran ndi amene amatchulidwa kuti anakonza batani limenelo ndi taskbar yake.

Kuwerenga zimenezi ndi kwina, kuzimva ndi kwina. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amaika build, kujambula zithunzi zisanu, n'kufufuta. Chithunzi chimakuuzani kuti X kunalibe. Sichikuuzani kuti dzanja limatopa bwanji.

Ndimatsutsananso ndi chizolowezi chopatsa ma build amenewa memori yambiri kuti azithamanga. Cholinga chimodzi chachikulu cha Chicago chinali chakuti iyende pa 386 ya 4 MB mosachepera mmene Windows 3.1 inkayendera, chifukwa makompyuta ambiri amene anthu anali nawo anali otere. Microsoft inali nayo kale sisitimu ya 32-bit yeniyeni, Windows NT 3.1, imene inatuluka mu Julayi 1993, koma inkafuna memori yochuluka kwambiri kuposa imene munthu wamba anali nayo. Malire a 4 MB amenewa, pamodzi ndi kufuna kuti mapulogalamu akale apitirize kugwira ntchito, ndiwo anachititsa kuti zigawo zazikulu za Windows 95, makamaka zoyang'anira mawindo ndi zojambula, zikhalebe za 16-bit. Anthu akhala akunyoza zimenezi kwa zaka. Koma tayesani kutsitsa makina anu oyerekezera kufika pa 4 MB, muyatse build ya mu 1994, mutsegule mapulogalamu awiri, muone kanyali ka disiki kakuyaka osazima pamene sisitimu ikusinthanitsa memori ndi disiki. Mukatero mudzamvetsa chifukwa chimene ankaumirira kilobyte iliyonse. Pa 64 MB zonsezi zimabisika, ndipo zosankha zawo zimaoneka ngati zopusa.

Chenjezo laling'ono kwa amene mukufuna kuyesa ma build a pambuyo pake: musayendetse mapulogalamu akale a DOS okonza disiki pa disiki imene ili ndi mayina aatali a mafayilo. Windows 95 inkasunga dzina lalitali m'timalo towonjezera ta directory pambali pa dzina lalifupi la zilembo zisanu ndi zitatu, ngati PROGRA~1 lija, ndipo pulogalamu yakale yosadziwa zimenezi ikhoza kuona timaloto ngati zinyalala n'kusesa. Mukatero mudzaimba mlandu build yosalakwa.

Zonsezi n'zopepuka poyerekeza ndi zimene amakumana nazo anthu a ku mbali ya Macintosh, kompyuta ya Apple. Ife a Chicago tili ndi mwayi wakuti makina ake anali wamba. Ma 486 anapangidwa ochuluka, ndipo olemba emulator akhoza kuyerekeza ntchito yawo ndi bolodi yeniyeni. Koma Macintosh isanatuluke pa 24 Januwale 1984, makina akewo analinso oyeserera. Oyambirira ankagwiritsa ntchito drive ya Twiggy, yochokera ku Lisa, kompyuta ina ya Apple, ya madisiki a mainchesi 5.25 okhala ndi mipata iwiri yowerengera m'malo mwa umodzi. Drive imeneyi inali yosadalirika, ndipo mu 1983 gulu la Macintosh linasamukira ku drive ya Sony ya mainchesi 3.5 ya 400 KB. Nkhani yake ndi yotchuka: Steve Jobs, mkulu wa gululo, sankafuna drive ya Sony, ndiye akatswiri ake ankagwira ntchito ndi Sony mobisa, mpaka tsiku lina anabisa mlendo wawo wochokera ku kampaniyo m'kachipinda kosungira katundu Jobs atatulukira mwadzidzidzi. Makina a Twiggy amene anapulumuka ndi owerengeka, ndipo ROM yawo, memori yosunga pulogalamu yoyatsira makina, ndi yosiyana ndi ya Macintosh yogulitsidwa, moti mapulogalamu awo sayaka pa Macintosh wamba. Mini vMac, emulator ya Paul C. Pratt, ili ndi mtundu woyerekezera makina amenewa, ndipo m'menemo mukhoza kuona mauthenga ochenjeza okhala ndi kankhope ka Jobs ndi mawu akuti “Steve sez”. Ndimawalemekeza anthu amenewa. Kwa iwo, woganiziridwa uja wa emulator n'ngovuta kumumasula, chifukwa makina enieni oyerekezera nawo ali m'manja mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo palibe amene angafune kuwayatsa tsiku lililonse pofuna kuyesa chabe.

Pa nkhani ya umwini, tisanamizane: ma build a Chicago akadali a Microsoft, ndipo kukalamba kwa pulogalamu sikuchotsa umwini. Ambiri anafika kwa ife kudzera m'manja mwa anthu amene anauzidwa kuti asagawire ena. Sindiika maulalo pano, ndipo musandifunse.

Koma nthawi zina eni ake amatsegula okha chitseko, ndipo zikatero ntchito yathu imasinthiratu. Mu 2014 Microsoft inapereka source code, malangizo a pulogalamu mmene opanga anawalembera, ya mitundu yoyambirira ya MS-DOS kudzera ku Computer History Museum. Mu Januwale 2023 nyumba yomweyo inatulutsa source code ya Lisa ndi chilolezo cha Apple. Ndipo mu Epulo 2024 Microsoft inatulutsa source code ya MS-DOS 4.0 pamodzi ndi mafayilo a mtundu woyeserera wa DOS yoyendetsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi, imene siinafale konse. Mafayilo amenewo anachokera pa madisiki amene katswiri wa mapulogalamu Ray Ozzie anasunga kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene ankagwira ntchito ku Lotus. Apa mukudziwa mwini disiki, mukudziwa amene anaikopera, ndipo aliyense akutenga kope lomwelo pamalo amodzi. Ine ndi munthu wa kutsidya lina la dziko tikayatsa n'kuona zosiyana, sitikanganirananso za makope. Timangotumizirana mndandanda wa makina athu, purosesa, BIOS, memori, khadi la zithunzi, n'kuyamba kuchotsa chimodzichimodzi mpaka titapeza chimene chikutisiyanitsa.